Kodi kusodza nsomba kukuwonjezera kutentha kwa dziko? Yankho kwa aphunzitsi a ku Bangula

Aphunzitsi ena a pa sukulu ya sekondale ya kufupi ndi Bangula, amene bambo awo ndi msodzi wa m'dambo la Elephant Marsh, anditumizira kalata pa imelo. Alemba kuti anamva pa wailesi zoti nsomba ndi anamgumi a m'nyanja zamchere amathandiza kusunga mpweya umene ukutenthetsa dziko, ndiponso zoti usodzi ukusokoneza ntchito imeneyi. Funso lawo lili motere: "Kodi zimenezi n'zoona, nanga zimachitika bwanji? Ngati n'zoona, kodi bambo anga amene amaponya chavi ndi kutchera matchera cha ku Chiromo nawonso ali m'gulu la anthu amene akutiitanira anamondwe?" Awonjezera kuti ophunzira awo a Fomu 3 anawafunsa zomwezi m'kalasi, ndipo iwo sanafune kuwayankha zongoganizira.

Aphunzitsi, ndathokoza chifukwa cha funsoli, ndipo ndiyambe ndi kukukhazikani mtima pansi. Zimene munamvazo n'zoona, koma bambo anu alibe mlandu umenewo. Kuti zimveke bwino kuti mfundo ziwirizi sizikutsutsana, tiyenera kulowa m'nyanja ndi kutsika pansi penipeni, chifukwa nkhani yonseyi yagona pa kuya kwa madzi ndi pa kutalika kwa nthawi imene chinthu chimakhala pansipo.

Mpweya umene ukunenedwawu ndi wa kaboni dayokisaidi, umene umatuluka anthu akamawotcha malasha, petulo, dizilo, gasi ndi nkhuni. Mafakitale asanachuluke ku Ulaya, cha m'ma 1750, mpweyawu unalipo magawo pafupifupi 280 pa magawo miliyoni imodzi aliwonse a mpweya wa mumlengalenga, koma lero wapitirira magawo 420, ndipo ndiwo ukutsekereza kutentha kuti kusachoke padziko. Zinthu zikanafika poipa kwambiri pakanapanda nyanja zamchere, pakuti chaka chilichonse nyanjazi zimameza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a mpweya umene anthu amatulutsa, komanso zalandira 90 peresenti kapena kuposerapo ya kutentha konse kumene kwawonjezereka. Nyanja imameza mpweyawu m'njira ziwiri. Yoyamba ndi yakuti mpweya umasungunuka m'madzi, makamaka madzi ozizira a kufupi ndi Antarctica ndi a kumpoto kwa nyanja ya Atlantic, ndipo madziwo, poti ndi olemera, amamira nawo. Njira imeneyi safunika nsomba, ndipo ndiyo imatenga gawo lalikulu la mpweya umene anthu awonjezera. Ndatchula izi msanga chifukwa olankhula ambiri amazilumpha, ndipo womvera amatsala akuganiza kuti anamgumi okha ndiwo agwirizira dziko.

Njira yachiwiri ndi ya zamoyo, ndipo ndi imene mwafunsa. Pamwamba pa nyanja, pamene kuwala kwa dzuwa kumafika, pamayandama tizomera ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso timene akatswiri amatitcha phytoplankton. Ngakhale tili tochepa choncho, tizomerati timagwira pafupifupi theka la ntchito yonse imene zomera za padziko lapansi zimagwira yokoka mpweya wa kaboni ndi kuusandutsa chakudya, ndipo theka linalo ndi la nkhalango, udzu ndi mbewu zonse za pamtunda. Tizomerati timadyedwa ndi tizilombo ta m'madzi, tizilomboto timadyedwa ndi tinsomba, tinsombato timadyedwa ndi nsomba zazikulu, ndipo paliponse pamene china chadya chinzake, kaboni amasamukira m'thupi la chodyacho. Kaboni wambiri amabwerera m'madzi zamoyozo zikamapuma, koma wina amatuluka m'ndowe, wina amatsala m'mitembo, ndipo ndowe ndi mitembozo zimamira. Zikaolera chapamwamba, m'mamita 100 oyambirira, kaboniyo sachedwa kubwerera mumlengalenga. Zikatsika kupitirira mamita 1,000 zisanaole, kaboniyo amatsekeredwa kumeneko kwa zaka mazanamazana, chifukwa madzi akuya amatenga nthawi yaitali choncho kuti abwerenso pamwamba. Akatswiri amawerengera kuti zamoyo za m'nyanja zikanapanda kugwira ntchito imeneyi, mpweya wa kaboni mumlengalenga ukanakhala wokwera ndi magawo 150 mpaka 200 kuposa mmene ulili.

Ubwino wa nyama pa ntchito imeneyi ndi liwiro. Kazomera kamodzi kakafa kamamira pang'onopang'ono kwambiri, moti kamaola kasanapite patali. Koma zimene zadutsa m'mimba mwa nsomba zimatuluka zitaumbika ndiponso zolemera, ndipo zimatha kutsika mamita mazana angapo pa tsiku limodzi, motero zimafika pansi zisanathe kuola. Palinso zamoyo zimene zimanyamula kaboniyo zokha n'kutsika naye. Pakati pa mamita 200 ndi 1,000, kumene kuwala kumafika mwa apo ndi apo, kumakhala tinsomba tambirimbiri totalika ngati chala, tina tokhala ndi timadontho towala m'mbali mwake. Dzuwa likalowa timakwera pamwamba kukadya, ndipo kukamacha timatsikanso kuthawa adani, n'kukapumira ndi kukatayira ndowe pansi. Ulendo umenewu umachitika usiku uliwonse m'nyanja zonse za dziko lapansi, ndipo akatswiri ambiri amakhulupirira kuti tinsombati, tikatiika pa sikelo tonse pamodzi, tikhoza kulemera kuposa nsomba zina zonse za m'nyanja. Ophunzira anu asaone ngati zimenezi ndi zachilendo, chifukwa zimachitikanso kwathu konkuno. Nyanja ya Malawi ndi yakuya pafupifupi mamita 700, ndipo pansi pa mamita 250 mulibe mpweya wa okosijeni. Mphutsi za nkhungu, ntchentche zing'onozing'ono zija zimene anthu a ku Nkhata Bay ndi ku Likoma amakola n'kupanga ndiwo, zimabisala masana m'madzi akuyawo kuthawa nsomba, ndipo usiku zimakwera kukadya. M'chaka cha 2021 gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Grace Saba wa ku yunivesite ya Rutgers ku America linawerengera kuti nsomba zimatsitsa pafupifupi 16 peresenti ya kaboni yense amene zamoyo zimatumiza m'madzi akuya a nyanja zamchere.

Anamgumi ndiwo amatchuka kwambiri pa nkhaniyi, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Namgumi wamkulu kuposa onse, wa mtundu wa blue whale, amalemera matani oposa 100, ndipo akafa pakati pa nyanja thupi lonselo limamira mpaka pansi, kumene limadyetsa zamoyo zina kwa zaka zambiri. Ali moyo amagwiranso ntchito ina: ena mwa iwo amadya pansi koma amatayira ndowe pamwamba, ndipo ndowezo zili ndi ayironi ndi michere ina imene tizomera tija timaisowa, makamaka m'nyanja yozungulira Antarctica. Pakati pa 1900 ndi 1999 alenje a m'sitima zikuluzikulu anapha anamgumi pafupifupi 2.9 miliyoni. Anamgumi a blue whale a ku Antarctica, amene analipo oposa 200,000, anatsala mazana ochepa chabe pofika m'ma 1970. Bungwe la International Whaling Commission linagwirizana m'chaka cha 1982 zoimitsa kupha anamgumi pochita malonda, lamulolo linayamba kugwira ntchito mu 1986, ndipo mitundu ina yayambanso kuchuluka. Umboni wake uli pafupi nafe: chaka chilichonse, kuyambira cha mu Juni mpaka Okutobala, anamgumi a mtundu wa humpback amachoka ku Antarctica kudzaswana m'madzi ofunda a m'mphepete mwa Mozambique, ndipo anthu a ku Inhambane amawaona ataima pagombe.

Tsopano tibwere ku usodzi. Bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi la FAO likuti m'chaka cha 1974 magulu a nsomba za m'nyanja zamchere amene ankasodzedwa mopitirira muyeso anali 10 pa 100 aliwonse, koma pofika 2021 anali atafika pafupifupi 38 pa 100 aliwonse. Kafukufuku wina wa mu 2021, wotsogozedwa ndi Daniele Bianchi wa ku California, anapeza kuti pofika m'ma 1990 nsomba za mitundu imene anthu amasodza zinali zitatsika pafupifupi ndi theka poyerekeza ndi mmene zinalili usodzi wa makina usanayambe, ndipo ndowe zimene zimatsitsira pansi zinachepanso chimodzimodzi. Nsomba yaikulu monga tuna kapena shaki ikafa yokha imamira, koma ikakoledwa imakathera pamtunda, ndipo kaboni wa m'thupi lake amatuluka m'mpweya wa anthu oidyawo. Gaël Mariani wa ku yunivesite ya Montpellier ku France ndi anzake anawerengera mu 2020 kuti kuyambira 1950 usodzi wa nsomba zazikuluzi, kuphatikizapo mafuta a sitima zake, watulutsa matani osachepera 730 miliyoni a kaboni dayokisaidi. Chimene chimandipweteka mtima pa zotsatira zawo ndi chakuti magawo oposa 40 pa 100 aliwonse a kaboni amene amachotsedwa m'nyanja za pakati, kutali ndi gombe la dziko lililonse, amachokera m'madera amene sitima sizikanapindula kupitako pakanapanda thandizo la ndalama la maboma awo. Thandizo la mtundu umenewu, lotsitsa mtengo wa mafuta ndi kukulitsa sitima, linali madola a ku America pafupifupi 22 biliyoni m'chaka cha 2018 chokha. Izi zikutanthauza kuti misonkho ya anthu a m'mayiko olemera ndiyo ikulipirira kupulula nsomba zimene zikanasiyidwa.

Mtundu wa usodzi umene wautsa mkangano waukulu ndi wa sitima zokoka makoka olemera pansi pa nyanja. Matope a pansi pa nyanja asunga kaboni wa zaka zikwizikwi, ndipo khoka likadutsa limawatakasa, kaboni wina n'kukumana ndi okosijeni n'kuola. Mu 2021 Enric Sala ndi anzake analemba m'magazini ya Nature kuti usodzi umenewu umamasula mpweya wofanana ndi wa ndege zonse za padziko lapansi. Patapita zaka ziwiri, Jan Geert Hiddink wa ku yunivesite ya Bangor ku Wales ndi akatswiri ena anatsutsa, ponena kuti chiwerengerocho chinakokomezedwa kwambiri popeza kaboni wambiri wa m'matope ndi wakalekale ndipo saola msanga ngakhale atatakasidwa. Mkanganowu sunathe, ndipo ndi bwino ophunzira anu adziwe kuti akatswiri amatsutsana, chifukwa umo ndi mmene sayansi imayendera. Koma palibe amene amatsutsa zoti makoka amenewa amaphwanya malo oswanirana nsomba, amakola akamba a m'nyanja, ndiponso amapha nsomba zambiri zosafunidwa zimene nthawi zina zimatayidwa. Usodzi wotere ulipo kunsi kwathuku, pa Sofala Bank, dera la madzi osaya limene lili kutsogolo kwa Beira, Quelimane ndi mathiriro a Zambezi, kumene sitima zimakoka tinkhanu ta m'nyanja ta camarão togulitsa kunja. Usodzi wa zamoyo za mtundu wa nkhanuzi ndiwo umamwanso mafuta kwambiri: m'chaka cha 2011 sitima ndi maboti onse osodza padziko lapansi anawotcha malita pafupifupi 40 biliyoni, ndipo usodzi wa nkhanu, umene unapereka 6 peresenti yokha ya zokolola, unatulutsa 22 peresenti ya utsi wake.

Pamene usodzi ukuchotsa onyamula kaboni, kusintha kwa nyengo kukuwononga njira imene amadzera. Madzi a pamwamba akatentha amapepuka ndipo sasakanikirana bwino ndi madzi ozizira a pansi, kumene kumachokera michere, motero m'madera ambiri otentha tizomera timachepa, ndipo timene timatsala timakhala ta mitundu ing'onoing'ono yosamira msanga. Kutentha kumafulumizitsanso kuola. Aliyense amene anagulapo mlamba pa doko m'mwezi wa Okutobala amadziwa kuti nsomba imene mu Juni ikanafika madzulo ili bwino imayamba kununkha dzuwa lisanafike paliwombo, ndipo m'nyanja yofunda ndi chimodzimodzi: zimene zikanaolera pa mamita 1,000 zimaolera chapamwamba, kaboni wake n'kubwerera msanga. Madzi ofunda sasunganso okosijeni wambiri. Kuyambira 1960 nyanja zataya pafupifupi 2 peresenti ya okosijeni wake. Chiwerengerochi chikuoneka chochepa, koma kutayikako sikufanana paliponse, ndipo m'madera ena madzi opanda mpweya akukwera chapamwamba, n'kumapanikiza nsomba zothamanga monga tuna ndi shaki kuti zizikhala pafupi ndi pamwamba, pamene mbedza za sitima zimazipeza mosavuta. Apa ndi pamene mavuto awiriwa amagwirana manja, ndipo nsomba zimene usodzi wachotsa kale zazikulu zoikira mazira ambiri sizipirira zaka zoipa ngati mmene zikanapiririra.

Mpweya umene nyanja yameza ulinso ndi mtengo wake. Ukasungunuka umapanga asidi, ndipo asidi wa m'madzi a pamwamba wawonjezereka ndi pafupifupi 30 peresenti kuchokera nthawi ya mafakitale oyamba, zimene zimavutitsa tinkhono ndi zamoyo zina zomanga zigoba. Matanthwe amoyo a korali, amene ndi mudzi wa nsomba zambiri za m'mphepete mwa Mozambique, Tanzania ndi Kenya, anayera ndi kufa ambiri chifukwa cha kutentha mu 1998, ndipo zofanana nazo zinachitikanso mu 2016 ndi 2024. Nsomba zimene zingathe kusamuka zikulowera kumadzi ozizira, kutali ndi ife. William Cheung ndi anzake anawerengera mu 2010 kuti pofika cha m'ma 2050 nsomba zimene zingathe kukoledwa m'madera ena otentha zikhoza kutsika mpaka ndi 40 peresenti, pamene za m'madera ozizira a kumpoto zidzachuluka. Amene anawotcha malasha ambiri ndiwo adzalandire nsomba, ndipo msodzi wa ku Chinde, pa mathiriro a Zambezi, ndiye adzabwerere ndi bwato lopepuka.

Pano ndiyenera kuika zinthu pa muyeso wake, chifukwa nkhani yabwino ikakokomezedwa imasanduka chida cha anthu achinyengo. Matani 730 miliyoni aja, a zaka zoposa 60, ndi ofanana ndi mpweya umene dziko lonse limatulutsa pa sabata imodzi yokha powotcha malasha, mafuta ndi gasi, pakuti pa chaka mpweya umenewu ndi matani pafupifupi 37 biliyoni. Mu 2019 akatswiri a zachuma a ku IMF anafalitsa chiwerengero chakuti namgumi mmodzi wamkulu amasunga matani 33 a kaboni dayokisaidi, ndipo chiwerengerochi chayenda kwambiri m'manyuzipepala, koma munthu wamba wa ku America amatulutsa mpweya wochuluka choncho m'zaka zosakwana zitatu. Choncho anamgumi ndi nsomba ziyenera kutetezedwa, ndipo kuziteteza kumathandizadi pang'ono pa nkhani ya mpweya, koma aliyense amene angabwere ndi malonda akuti fakitale ipitirize kufuka utsi chifukwa yalipirira moyo wa namgumi, ameneyo akutinamiza. Ndikunena izi mosabisa chifukwa malonda a kaboni afika kale m'dziko muno kudzera m'mitengo ndi mbaula, ndipo ana amene mukuwaphunzitsawo ndiwo adzasaine mapangano a mawa.

Za bambo anu, aphunzitsi, yankho lili m'kuya kwa madzi. Dambo la Elephant Marsh ndi losaya, ndipo m'malo ambiri mponda wa bwato umagunda pansi. Mphende, mlamba kapena nkhonokono imene yafa yokha m'dambomo imaolera pomwepo m'masiku ochepa, kapena imadyedwa ndi ng'ona ndi mbalame, ndipo kaboni wake amabwerera mumlengalenga ngati mmene akanabwerera ikanadyedwa ndi nsima. Palibe pansi pakuya pamene ikanakabisika zaka mazana, choncho poikola bambo anu sanachotse chilichonse chimene chikanasungidwa. Bwato lawo limayenda ndi nkhafi ndi mponda, osati dizilo. Ndipo Mmalawi mmodzi amatulutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a tani imodzi ya mpweya wochokera ku mafuta pa chaka, pamene munthu wa ku America amatulutsa matani oposa 13. Msodzi wa ku Chiromo ali m'gulu la olandira chilango, osati la opalamula.

Izi sizikutanthauza kuti zonse zili bwino m'dambomo. Dambo limeneli, la mahekitala oposa 60,000, linalembedwa m'chaka cha 2017 m'kaundula wa madambo ofunika padziko lonse pansi pa pangano la Ramsar, ndipo limasungadi kaboni, koma osati m'nsomba: limamusunga m'mizu ya bango ndi gumbwa ndiponso m'matope onyowa amene saola msanga, ngakhale kuti dambo limatulutsanso mpweya wina wotenthetsa dziko wa methane. Matopewo akauma n'kulimidwa, kapena bango likatenthedwa chaka ndi chaka, zosungidwazo zimatuluka. Pa usodzi weniweniwo, pamene pali utsi ndi pa nkhuni zowambira nsomba, zimene zimadulidwa m'mitengo yotsala ya m'chigwa muno ndi m'nkhalango monga ya Matandwe. Ndipo kukokola tinsomba ndi neti zotetezera udzudzu n'koipa ndithu, koma chifukwa chake ndi chakuti kumapha mbewu ya nsomba za chaka chamawa, osati chakuti kumaitana namondwe. Ndimaona kuti n'kofunika kupereka chifukwa choona kwa asodzi ndi makomiti awo a pa doko, popeza munthu amene wauzidwa chifukwa chabodza sadzamveranso tsiku limene adzauzidwe choona.

Musalole kuti ophunzira aganize kuti nyanja yamchere ndi ya anthu ena. Mathithi a Kapichira amagawa mtsinje wa Shire pawiri, ndipo nsomba za kunsi kwake ndi za banja la Zambezi, osati la nyanja ya Malawi. Mkunga umene nthawi zina umakodwa m'mono kuno unabadwira m'nyanja ya India, unalowa pa mathiriro a Zambezi uli kamwana, unakwera mtsinje makilomita mazana, ndipo ukakhwima umabwerera kunyanja kukaswana. Madzi amene amadutsa pa Nsanje amakathera m'mitengo ya mangrove ya pa mathiriro a Zambezi, imene imamera m'matope amchere ndipo pa hekitala imodzi imasunga kaboni wochuluka kuposa nkhalango zambiri za pamtunda, wambiri mwa iye ali pansi pa matope. M'mizu ya mitengo imeneyi ndi mmene mumakulira tinkhanu ta pa Sofala Bank, ndipo akatswiri anaonetsa kale m'ma 1990 kuti zokolola zake zimatsatira kasefukiridwe ka Zambezi, kamene kanasintha damu la Cahora Bassa litamalizidwa mu 1974.

Anamondwe amene mwawatchula amachokera kunyanja komweko, ndipo mphamvu zawo amazitenga m'madzi ofunda opitirira madigiri 26. Kumadzulo kwa nyanja ya India ndi limodzi mwa madera otentha amene madzi ake akufunda mofulumira kwambiri. Idai anagwera pa Beira mu Malichi 2019. Namondwe Ana anabwera mu Januwale 2022 n'kuwononga malo opangira magetsi a Kapichira, a mamegawati pafupifupi 130, ndipo akatswiri a zanyengo a gulu la World Weather Attribution anapeza kuti kusintha kwa nyengo kunawonjezera mvula ya anamondwe a chaka chimenecho. Freddy anayambira kufupi ndi Australia mu Febuluwale 2023, anaoloka nyanja yonse ya India, anakhala masiku 36, amene ndi ochuluka kuposa a namondwe wina aliyense m'kaundula, ndipo anapha anthu oposa 600 m'dziko muno, mazana ena osapezeka. Chimene chikufunditsa madzi amenewa ndi utsi wa mafuta ndi malasha. Chimene chimachititsa kuti mvulayo itiwononge kwambiri kuchigwa kuno ndi mchenga umene wadzaza m'mitsinje ya Ruo, Mwanza ndi Shire chifukwa mapiri a kumtunda anametedwa. Chavi cha bambo anu sichikupezeka pa zifukwa ziwirizi.

Ngati pali usodzi umene ungadzawonongedi ntchito yosunga kaboni pa mlingo waukulu, ndi umene ukungoyamba kumene. Poti nsomba zazikulu zachepa ndipo mafamu a nsomba akufuna chakudya chochuluka, makampani ayamba kuyang'ana zamoyo zing'onozing'ono zija. Ku Antarctica sitima zikukokola krill, tinkhanu timene ndi chakudya cha anamgumi ndipo ndowe zake zimamira msanga, ndipo mu 2025 malire a matani 620,000 a pa chaka anakwana koyamba usodziwo n'kutsekedwa nyengo isanathe. Ku Norway ayesa kale kusodza tinsomba ta m'madzi akuya timene timakwera usiku, pofuna kutigaya kuti tikhale chakudya cha nsomba zoweta. Kumeneku ndi kuchotsa onyamula kaboni enieniwo, ndipo malo ambiri amene amakhala ali m'nyanja za pakati, zimene ndi pafupifupi magawo awiri mwa atatu a nyanja zonse ndipo si za dziko lililonse. Malamulo a nyanja a United Nations amanena kuti nyanja zimenezi ndi za mayiko onse, okhala ndi gombe ndi opanda gombe omwe. Mu Juni 2022 mayiko a m'bungwe la zamalonda la padziko lonse la WTO anagwirizana zoletsa thandizo la ndalama kwa sitima zosodza mozemba malamulo ndi zosodza nsomba zimene zasodzedwa kale mopitirira muyeso, ndipo mu Juni 2023 mayiko a United Nations anavomereza pangano loteteza zamoyo za m'nyanja za pakati, limene limalola kukhazikitsa madera otetezedwa kumeneko. Dziko la Malawi linalowa m'pangano lachiwirili mu 2025, kutanthauza kuti lili ndi mpando ndi voti pamene madera amenewa adzasankhidwe. Ophunzira anu a Fomu 3 ali ndi ufulu wolembera phungu wawo kumufunsa kuti nthumwi zathu zikapita ku misonkhano imeneyi zikanena chiyani za tinsomba ta m'madzi akuya.